Ng'oma ya Kwaya ndi Gawo la Angelo

Mutu 6

1. Chimera cha agogo

"Ndowe! Chimera changa wachifukiza ndi ndowe za ng'ombe, Levison! Kodi mutu wako unauiwala mu ndege?"

Awa anali agogo Magadalena, lichero lili m'manja, akununkhiza uku akulavula. Chimeracho chinali cha mawere. Anachiviika okha, nachifundika ndi masamba a nthochi mpaka chinamera bwino, kuti adzaphikire thobwa pa tsiku limene ana a ku tchalitchi cha ku Kaphuka adzalandire Ukaristia koyamba. Tsopano chinali bii, chikununkha khola.

"Musakuwe amayi," anatero a Levison, mwana wawo woyamba. "Utsi umenewo ndi wadala. Kwa anzathu mowa wopanda utsi sauwerengera."

"Anzako ake ati? Ntchentche?"

Victoria, mdzukulu wawo wa Fomu 2, anali pakhonde akusenda nsawawa. Anaweramitsa mutu kuti malume ake asaone kuti akuseka.

Kuti mumvetse bwino, a Levison anakwerapo ndege. Chaka chatha anapita ku Sikotilandi ndi gulu la alimi a mbatata ya kachewere, kukaona mmene anzathu amasungira mbewu. Sanatheko ndi mwezi womwe. Za mbatata sanabwere nalo ngakhale liwu limodzi. Anabwera ndi chipewa chamizeremizere chokhala ndi kampira pamwamba, ndi nkhani imodzi yokha: tsiku lina anawatengera ku nyumba yotchezera wisiki. Chibwerere, munthu ukawapatsa moni, amakuyankha za wisiki.

"Nyumba imene ndinaona ija, amayi, anayambitsa ndi alimi ngati ife tomwe, zaka mazana awiri zapitazo," anatero, atakonza chipewa. "Balere akatsala m'nkhokwe, ankatcheza mobisala kumapiri, kuthawa a msonkho. A boma akatulukira, iwo mphika m'dzenje, pamwamba udzu. Boma litatopa kuthamanga, linangowapatsa chilolezo. Lero adzukulu awo akulandira alendo ochokera dziko lonse. Ngakhale ine anandilandira."

"Ndiye kachasu ameneyo," anatero agogo. "Unakwerera ndege kukaona kachasu? A Marita kutsidya kwa damboku akutcheza tsiku ndi tsiku, ndipo kwawo timapita wapansi."

"Si kachasu! Kachasu ndi madeya ndi shuga. Uja ndi chimera cha balere chokhachokha, madzi a pakasupe ndi yisiti, basi. Wa nyumba imodzi, wosasakaniza ndi wa anthu ena. Chimeracho amachiumitsa ndi utsi wa dothi lakuda la kudambo, limene amalidula ngati njerwa. Ine ndinayesa dothi la dambo lathuli, linakana kuyaka. Ndowe ndiye zavomera."

"Nanga balere wako ali kuti?"

"Mawere ndi balere ndi pachibale. Kenaka amapera, kuthira madzi otentha, kukha madzi otsekemerawo n'kuwasiya awire. Akawira amatcheza kawiri m'miphika ya mkuwa ya makosi ataliatali ngati a tsekwe. Woyamba kutuluka, mutu uja, samwa ayi. Wotsirizira samwanso. Amangotenga wapakati."

"Kusiya mutu? Kuno amuna amamenyanirana mutu. Anthu akowo ndi odwala."

"Ndipo Dedza ndi Sikotilandi sizisiyana," anapitiriza a Levison ngati sanamve. "Mapiri omwewa, nkhungu yomweyi, chisanu chomwechi. Chikusowa ndi munthu wamasomphenya basi."

Agogo anawaponyera lichero. Linaphonya, n'kumenya nkhuku.

2. Mgolo unasowa

Chimera choti chanunkha kale ndowe sichikanaphikanso thobwa, choncho a Levison anachitenga. Anabwereka mphika ndi paipi kwa a Marita, natcheza kawiri m'kachisakasa kawo kuseri kwa khola. Zinatuluka ndithu, zoyera mbee ngati madzi.

Masana ena anaitana Victoria akuchokera ku sukulu.

"Mbumba yanga, taona izi."

Anathira pang'ono pa supuni, nakhwatcha machesi. Supuni inayaka kamoto kobiriwira, kosaoneka bwino padzuwa. Victoria anabwerera m'mbuyo.

"Waona mphamvu? Koma uyu sanakhale wisiki. Ayenera kugona mu mgolo wa mtengo, zaka zitatu kapena kuposa. Mtengo ndi umene umamupatsa mtundu ndi fungo. Mmisiri wa pa Chimbiya akundikhomera mgolo, koma akuchedwa. Ndiye ndimati undibwereke ng'oma ija."

Apa ndiye panali nkhani. Victoria ndiye anali mtsikana woyamba kuimba ng'oma yaikulu mu kwaya ya ku Kaphuka. Anyamata anang'ung'udza chaka chonse, koma manja a mwanayu anali ndi nzeru zawozawo. Ng'omayo inali ya mtengo wa mlombwa, yotakasuka kumutu, yopyapyala kumwendo, ndi kabowo kunsi. Ankaisunga kunyumba chifukwa kutchalitchi makoswe anadyapo kale chikopa cha ina.

Tsiku lomupatsa, akatekisiti a Timoteyo anamuimika pamaso pa kwaya yonse.

"Victoria," anatero, "ng'oma iyi si yako, si yanga, si ya banja lanu. Anaisema ndi akhristu amene ambiri ali kumanda. Sipita ku chinkhoswe, sipita ku mpira, sipita ku msonkhano wa chipani. Wina akabwera, kaya ndi bambo ako, kaya ndi amfumu, n'kunena kuti ndibwereke pang'ono, yankho ndi limodzi: kafunseni akatekisiti. Anyamata awa akudikira kuti ulakwitse. Ukalakwitsa, sadzati Victoria walephera. Adzati atsikana alephera. Wamva?"

Anamva. Koma tsopano amene anaima patsogolo pake anali malume, mwini mbumba, munthu amene ngakhale bambo ake ankamuvulira chisoti.

"Malume, akatekisiti anati..."

"Timoteyo ndinkamubereka kumsana ine. Ng'oma ingosungirako masiku ochepa. Lamulungu la Ukaristia lisanafike ikhala yabwerera, youma gwa. Ndipo tamvera. Pa botolo pamafunika dzina. Ine ndaganiza kale: Victoria wa ku Kaphuka. Azungu azidzatchula dzina lako ali pa mipando ya ndalema. Koma usauze munthu."

Dzina pa botolo! Inu ana a sukulu, munthu akafuna chinthu chanu sayamba ndi ndodo. Amayamba ndi dzina lanu, kulitchula mokoma. Victoria anakatenga ng'oma, ataikulunga m'chitenje.

A Levison anamata phula la njuchi mkati mwa chikopa, naimika ng'omayo chadodolido pa thabwa, nathira mowa wonse pa kabowo ka kumwendo. Anatseka ndi chitsononkho.

3. Angelo a masana

M'mawa uliwonse a Levison ankapisa kamtengo mu ng'oma kuona pamene mowa walekeza. Ndipo m'mawa uliwonse unkapezeka watsika.

Munthu wanzeru akanadandaula. Iwo ankavina.

"Limeneli ndi gawo la angelo," anauza Victoria. "Kuja anatifotokozera. Mowa ukagona mu mgolo, wina umauluka wokha kudzera mu mtengo, ndiye amati angelo atengako. Koma kwawoko angelo amangolawa pang'ono pa chaka. Kuno akutha kapu pa tsiku! Ndiye kuti wanga wakoma kuposa wawo."

Agogo anamva mawu omalizawo ali kuseri kwa nkhokwe.

"Angelo ake ati? Amene ndimawatchula popemphera korona aja? Gabiriele akhale chidakwa chifukwa cha iwe? Ukalape, Levison!"

Masiku omwewo a Bonifasio, bambo ake a Victoria, anasintha. Awa anali mkamwini wofatsa, woti chikwatirire pamudzipo palibe anamvapo mawu awo kupitirira mpanda. Mwadzidzidzi anayamba kukonda ntchito ya kukhola. Dzuwa likafika pamutu, iwo khasu paphewa, kabango m'thumba, ati kukachotsa manyowa. Pobwera ankabwera akuimba Aleluya. Tsiku lina anakumana ndi apongozi awo pa mphambano, ndipo m'malo mopatuka n'kunjuta patali monga mkamwini aliyense, anawagwira chanza n'kuwafunsa kuti, "Zikuyenda, asisi?"

Agogo anayang'ana dzanja lawo nthawi yaitali. Kenaka anakasamba ndi sopo.

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, anaitana Victoria.

"Khala apa. Ng'oma yako sindikuimva masiku ano. Kale unkatisokosa mpaka nkhuku kusiya kuikira. Sindikufunsa kumene ili, chifukwa ukandinamiza ndikumenya, ndipo mkono wangawu ukuwawa. Koma imva. Munthu wamkulu akakuuza kuti usauze munthu, dziwa kuti chinthucho chikununkha. Levison ndinabereka ndine. Ali mwana anamiza mazira a nkhuku yanga m'madzi otentha ati aswe msanga. Anameta nkhosa ya amfumu ndi lumo la bambo ake ati ikumva kutentha, mwezi wa Juni. Ndipo nthawi zonse pambali pake pankakhala kamwana komugwirira. Ukudziwa amene ankakwapulidwa? Kogwirirako. Kafunse mayi ako Bernadetta, zipsera akadali nazo. Ulemu kwa malume ndi kugwada powapatsa madzi. Kuwapatsa chinthu chimene si chako si ulemu, ndi kupusa kovala chitenje. Ukapusa, pusa, tonse tinapusapo. Koma ukaona kuti kupusa kwako kukufuna kupweteka mwana wa mwini, tsegula pakamwa. Wamva?"

"Ndamva, agogo."

"Umamva bwino iwe. Vuto lako umamvera aliyense."

4. Ng'oma yabwerera

Mmisiri wa pa Chimbiya sanabwere ndi mgolo. Ena amati sanauyambe n'komwe.

Lamulungu la Ukaristia m'mawa, a Levison anakhuthulira mowa wotsalawo m'chigubu, nabweza ng'oma. Youma gwa ija inali chinyezi chokhachokha. Fungo lake linali loti ntchentche ikatera inkauluka chammbali. Victoria anaimenya kamodzi. Inangoti phwa, ngati munthu wamenya dzungu lowola.

"Malume, yafa!"

"Siinafe, yagona. Si mumawamba ng'oma pamoto musanaimbe? Ukaiwambe, chikopa chikungika. Fungolo uziti ndi mankhwala a chiswe. Ndatsekanso ndi chitsononkho kuti lisamatuluke."

Kunali chisanu cha Juni choluma makutu, nkhungu itaphimba mapiri. Kuseri kwa tchalitchi anyamata a kwaya anali atasonkha moto wa mapesi wowambira ng'oma, monga amachitira Lamulungu lililonse. Koma tsikuli motowo unazunguliridwa ndi ana olandira Ukaristia, akuotha. Tiatsikana tinavala madiresi oyera a nayiloni ndi nsalu zopyapyala kumutu. Tina tinali pafupi ndi moto moti mapesi akathetheka tinkadumpha n'kuseka.

Victoria anaima patali, ng'oma ili m'chitenje.

"Victoria, bwera nayo!" anaitana akatekisiti a Timoteyo. "Abambo mfumu adutsa kale pa Mayani, njinga yawo yamoto ifika pompano."

A Levison anali kumbuyo kwake, chipewa chamizeremizere chili pamutu. "Pita," ananong'ona. "Ukayankhula, ng'oma akulanda lero lomwe. Ukakhala chete, palibe adziwe."

Zinali zoona. Akanena, ng'oma yapita, ndipo anyamata aja aseka mpaka Khirisimasi. Victoria anayenda pang'ono. Kamtsikana kena kanatembenuka n'kumusekerera, nsalu yake ya kumutu ikuuluzika pamwamba pa malawi. Victoria anakumbuka supuni ija.

Anaika ng'oma pansi, nagwada pa udzu wonyowa.

"Akatekisiti, ng'oma iyi isayandikire moto. Munali mowa waukali. Ndinaibwereketsa ndine."

Ngakhale anyamata anaiwala kuseka.

5. Moto wobiriwira

"Ana nonse, chokani pamoto! Kutali!" anakuwa akatekisiti. Amayi anakoka ana awo mpaka kukhoma la tchalitchi.

"Mwanayu akukokomeza," anatero a Levison, akuseka kuseka kopanda mano. "Munali timadzi pang'ono ta kafukufuku. Tofatsa ngati tiyi."

Apa a Bonifasio, amene sanatsutsepo mlamu wawo chikwatirire, anaona mwana wawo ali chogwada ndipo mtima unawapweteka.

"Ayi alamu, mwana akunena zoona. Mowa umene uja ndi moto weniweni. Ukangokoka kamodzi ndi bango, umawotcha kuyambira pakhosi mpaka m'mawondo. Tsiku loyamba ine misozi inachita kutuluka."

Anthu onse anatembenuka. A Bonifasio anatseka pakamwa ndi dzanja, koma mawu anali atapita kale.

"Bango?" anatero a Levison pang'onopang'ono. "Ndiye angelo aja ndinu?"

"Ndimangoyesa ngati ukukhwima, alamu."

"Mngelo wa ndevu! Mngelo wonunkha manyowa!" anakuwa agogo Magadalena, amene anali atavala yunifolomu yawo ya gulu la mapemphero la Lejio. "N'chifukwa chake unanditcha asisi! Bernadetta, taona chimene unatibweretsera pamudzi!"

"Amayi, tili pa tchalitchi," anatero a Bernadetta.

"Ndiye bwino, Mulungu amve yekha, ndisavutike kukamuuza!"

A Levison manyazi anawagwira, ndipo munthu wotere manyazi akamugwira saganiza zobwerera, amapita patsogolo. Anatola ng'oma ija.

"Ndikuonetseni kuti palibe choopsa. Ine ndinaona miphika ya mkuwa yaikulu kuposa tchalitchi chino."

"Malume, musatero!"

Anakhala chonjuta pamoto, nalozetsa chikopa ku malawi. Phula lija linayamba kusungunuka n'kudontha. Kenaka anazula chitsononkho, nasuzumira pa kabowo kuti aone ngati mkati mukuuma.

Phuu!

Ng'oma inalira kulira kumene sinalirepo chiisemere. Chikopa chinaphulika, ndipo lawi lobiriwira linatuluka kumwendo ngati mfuti ya gogodela. Agalu anathawa. Chipewa chamizeremizere chinakwera m'mwamba, n'kukatera pamoto, kampira kake kakufuka. A Levison anakhala pansi, miyendo m'mwamba. Maso analipo onse awiri, Mulungu ngwabwino. Koma nsidze, ndevu za pamlomo ndi tsitsi la patsogolo zinali zitapita kwa angelo.

Nthawi yomweyo njinga yamoto inaima. Abambo mfumu anavula chisoti, nayang'ana nkhope ya a Levison yodzaza mwaye.

"Kodi kuno Lachitatu la Phulusa limachedwa chonchi?"

6. Chigamulo

Misa inachitika ndi ng'oma zing'onozing'ono ndi m'manja. Victoria anakhala kumbuyo, manja ali pamiyendo. Ana onse analandira Ukaristia, madiresi awo ali oyera, opanda ngakhale kabowo ka moto.

Anthu atatuluka, akatekisiti anamuitana pansi pa mtengo wa paini. Kwaya yonse inali pomwepo.

"Victoria, unalakwa. Ndinakuuza yankho la aliyense wobwereka, iwe unasankha lako. Ng'oma ya akhristu yamwa mowa chifukwa cha iwe, ndipo pa chimenecho sindikunyengerera. Koma inu anyamata amene mukusekerera kumbuyoko, tamverani. Akanakhala chete, ng'oma ija ikanaphulikira pakati pa ana ovala nayiloni. Lero bwenzi tili kuchipatala. Iye anadziwa kuti akanena ataya ng'oma, koma ananena. Ndani wa inu akanatero?"

Mmodzi anayamba kuyang'ana nsapato zake ngati zachilendo.

"Mtengo wa ng'oma sunapse. Ukhala kwa ine mpaka fungo lithe. Chikopa ndiye chapita. Banja lanu libweretse chikopa cha tonde komiti ya tchalitchi isanakumane mwezi wamawa. Chikabwera, ndidzakuimira pamaso pa komiti kuti ng'oma ibwerere m'manja mwako. Chikapanda kubwera, ndipatsa wina."

Kunyumba kunalibe thobwa, ndiye alendo anamwa madzi, koma palibe anadandaula. Nkhani inawakhutitsa.

Kuyambira tsiku limenelo a Levison analeka kuyankhula ndi a Bonifasio, ati ndi mbala. A Bonifasio analeka kuyankhula ndi a Bernadetta, chifukwa anawatulutsira mphasa pakhonde pa chisanu chonse chija. A Bernadetta analeka kuyankhula ndi mchimwene wawo Levison, ati waphunzitsa amuna awo mowa. A Marita analeka kupereka moni kwa banja lonse, chifukwa paipi yawo inabwerera yopindika. Agogo Magadalena okha ndi amene sanaleke kuyankhula ndi aliyense, ngakhale onse ankalakalaka atatero.

Tsono pa banja lonselo tonde analipo mmodzi yekha, wamkulu, wa ndevu zimene mwini wake analibenso. Anali wa a Levison. Ndipo a Levison, chichokere kutchalitchi, Victoria akawapatsa moni ankatembenuka n'kuyankha mbuziyo.